Jointi ya waya wa mu MRI: bwanji sangopota n'kumata tepi?

Bambo Phiri, Ndirande: Moni nonse. Funso langa likupita kwa a Kondwani athu a ku UK aja. Dzulo ndinaperekeza alamu anga kukajambulitsa msana pa makina a MRI. Tikudikira pabenchi, mtsikana wogwira ntchito pamenepo anandiuza kuti ndisalowe ndi makiyi chifukwa maginito ake sazima, kaya magetsi athima, kaya ndi usiku, kaya ndi pa Khirisimasi. Ine ndakhala ndikukulunga mamota a zigayo kuyambira 1989, koyilo ndimaidziwa. Ukachotsa karenti, maginito amathera pompo. Ndiye mwanayu amangondiopseza, kapena muli batire lalikulu m'katimo?

Mwale wa ku Kitwe: Madala, makiyi munasiya koma? kkkk

Bambo Phiri, Ndirande: Ndinasiya. Ndi lamba yemwe.

Kondwani: Mwadzuka bwanji bambo. Mtsikanayo sananame, ndipo batire mulibe. Muli koyilo ngati zanuzo, kungoti waya wake ndi wina. Ndi waya wa niobium wosakaniza ndi titanium. Mukauziziritsa kufika madigiri 269 pansi pa ziro pouviika mu heliyamu wamadzi, resistance yake, kukaniza kwa waya kumene kumadya karenti kuja, imatheratu. Sindikunena kuti imachepa, imatheratu. Ndiye tsiku loika makinawo timalowetsa karenti ya maampu mahandiredi angapo, kenako timalumikiza nsonga ziwiri za koyilo kuti ikhale ngati mphete, n'kuchotsa mawaya ochokera panja. Karenti ija imangozungulira yokha m'menemo kwa zaka, popeza palibe choidya.

Bambo Phiri, Ndirande: Kwa zaka? Popanda kulipira bilu?

Kondwani: Bilu ilipo, koma ndi ya firiji yake, osati ya maginito.

Chisomo: Izi tinaphunzira chaka chatha. Anazipeza ndi Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden mu 1911, pa mercury. Ndi yemweyo anali woyamba kusandutsa heliyamu kukhala wamadzi mu 1908. Koma aphunzitsi anangolemba pabolodi kuti R, resistance ija, ndi ziro, basi. Za kulumikiza nsongazo sananene.

Kondwani: Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse, Chisomo. Waya ukagula wabwino ndi wabwino basi. Mutu umapweteka pa jointi. Ine ntchito yanga kuno zaka zinayi tsopano ndi yomweyo, majointi okhaokha. Anthu kumudzi amaganiza kuti ndimapanga makina a chipatala, chonsecho ndimakhala pa kabenchi ndi kansonga ka waya kotalika ngati chala.

Bambo Phiri, Ndirande: Jointi ndiye musandiuze. Kusenda, kupala bwinobwino, kupota mwamphamvu, kuthira solder, tepi pamwamba. Yanga ikhoza kukhala zaka 20 osatentha.

Kondwani: Ndikukhulupirira bambo, ndipo pa mota ya chigayo jointi yanuyo ndi yapamwamba. Koma tiyeni tiiyike mu MRI tione. Chisomo, uli ndi kakyuleta pafupi? Tingoyerekeza kuti koyilo yathu ndi ya mahenry 40 (henry ndi muyezo wa mmene koyilo imakanira kuti karenti yake isinthe). Jointi ya a Phiri tiipatse 0.001 ohm. Gawa 40 ndi nambala imeneyo, upeza masekondi amene karenti itenge kuti itsike kwambiri.

Chisomo: Masekondi 40,000. Maola 11 ndi pang'ono.

Kondwani: Ndiye kuti mukayatsa m'mawa, pofika madzulo karenti yatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mawa lake mulibe kanthu. Tsopano tinene kuti a Phiri adzuka bwino, apanga jointi yoposa pamenepo ka 1,000, ya 0.000001 ohm.

Chisomo: Masekondi 40,000,000. Masiku 463. Imeneyo ndiye yabwino, si choncho?

Kondwani: Yotaya. Makina a MRI amafuna kuti mphamvu ya maginito isatsike kuposa gawo limodzi mwa magawo 10,000,000 pa ola. Jointi imeneyo ikutsitsa ka 900 kuposa malire amenewo. Ukawerengera mobwerera upeza kuti mphete yonse, majointi onse pamodzi, isapitirire 0.000000001 ohm. Majointi sakhala amodzi, amapitirira khumi, ndiye iliyonse timaifuna ifike cha ku 0.000000000001 ohm kapena kutsika apo. Werengani maziro bwinobwino, ndinalemba dala.

Mwale wa ku Kitwe: Ndawerenga katatu, maso achita chizungulire.

Bambo Phiri, Ndirande: Mita yanga ikawona waya wamfupi imangoti 0.0. Ndiye kuti yakhala ikundinamiza zaka zonsezi.

Mai Nyirenda, Joni: Mwaswera bwanji abale. Ndilowepo pang'ono pa funso loti n'chifukwa chiyani amakhwimitsa chonchi, popeza ine ndi amene ndimakhala pa kompyuta ya makinawa tsiku ndi tsiku. MRI simajambula ngati X-ray. Imamvetsera hydrogen wa m'madzi ndi m'mafuta a thupi la munthu. Mu maginito a 1.5 tesla (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito), hydrogen ameneyu amalira pa 63.9 MHz, ngati siteshoni ya wailesi. Chithunzi chimapangidwa poona kusiyana pang'ono kwambiri kwa kaliridwe kameneko kuchokera malo ena kupita malo ena. Maginito akamatsika, siteshoni yonse imasuntha. Malire amene a Kondwani anena aja, pa makina athu ndi ma hertz 6 okha pa ola mwa 63,900,000. Akasuntha kwambiri, zinthu monga kubisa mafuta kuti chotupa chioneke zimayamba kusokonekera.

Tadala: Ine sindine wa zamagetsi, ndinalowetsedwa m'gulu muno ndi achimwene anga. Koma ndifunse: phokoso lija, gu gu gu ngati akukhoma malata, ndi karenti ikuzungulirayo?

Mai Nyirenda, Joni: Ayi achemwali. Maginito aakulu aja ndi achete ngati manda. Chimene chimagogoda ndi makoyilo ena a mkuwa wamba amene ali m'kati pafupi ndi wodwala, otchedwa gradient. Amayatsidwa ndi kuzimitsidwa mofulumira pojambula, ndiye amagwedezeka pokankhana ndi maginito aakuluwo. Koma mukadzapitanso mudzatchere khutu asanayambe kujambula. Mudzamva kaphokoso kena, tswii tswii, kosalekeza ngati kambalame. Imeneyo ndiye firiji ija. Ine ndikalowa m'mawa ndisanavule jekete ndimayamba ndamvetsera kambalameko. Kakakhala chete, tsiku limenelo tiyi sindimwa.

Bambo Phiri, Ndirande: Chabwino. Koma a Kondwani, ngati jointi ndi yovuta chonchi, bwanji osangokulunga waya umodzi kuchokera koyamba mpaka kumapeto? Ine mota yaing'ono sindiyika jointi pakati.

Kondwani: Tikanakonda bambo. Koma waya wa m'makina amodzi ndi makilomita makumi angapo, ndipo si koyilo imodzi. Kawirikawiri pamakhala makoyilo angapo ondondozana m'litali mwa ngalande ija, ena onenepa kumapeto, ena owonda pakati, kuti mphamvu ikhale yofanana ndendende pakati pomwe pagona wodwala. Kunja kwake kuli ena awiri aakulu okulungidwa mobwerera, ntchito yawo kuletsa maginito asatulukire kutali m'makonde a chipatala. Iliyonse imakulungidwa payokha, nthawi zina ndi waya wosiyana kukula. Kuwonjezera apo pali swichi, imene ndi waya winanso. Zonsezi ziyenera kulumikizana kukhala mphete imodzi.

Chisomo: Swichi yake imakhala yotani m'madzi ozizira chonchi? Ndani amaidina?

Kondwani: Imeneyi ndi imene inandisangalatsa nditangofika. Ilibe chodina, ilibe chosuntha. Ndi kachidutswa ka waya wa niobium ndi titanium yemweyo, kokulungidwa pamodzi ndi kahita. Waya ameneyu amakhala wopanda resistance pokhapokha ali pansi pa 9 kelvin kapena pamenepo, ndiye kuti madigiri 264 pansi pa ziro. Ukayatsa kahita, kachidutswako kamafunda pang'ono, resistance imabwerera, ndiye karenti yochokera panja imaona kuti njira yosavuta ndi ya mu koyilo. Ikafika pomwe tikufuna, timazimitsa kahita, kachidutswa kamazizira, mphete yatsekeka. Kenako timatsitsa karenti ya panja pang'onopang'ono mpaka ziro, n'kusolola mawaya athu. Nthawi imeneyo aliyense amakhala chete, maso pa sikirini. Ngati pali jointi yoipa, imadziulula pamenepo.

Bambo Phiri, Ndirande: Nanga solder wanga walakwa chiyani? Tiuzeni mmene mumapangira inuyo.

Kondwani: Vuto loyamba ndi mkuwa. Mukadula waya wathu n'kuyang'ana pansonga ndi galasi lokuza, muona mkuwa wambiri, m'kati mwake muli timadontho totuwa. Timadonthoto ndi timaulusi ta niobium ndi titanium, tina towonda ngati tsitsi, toyenda m'litali mwa waya yense. Karenti imayenda m'timaulusito. Mkuwa ndi mlonda chabe: malo ena akafunda mwangozi, karenti imathawira mu mkuwa kwa kanthawi, ndipo mkuwawo umachotsa kutentha. Koma mkuwa, ngakhale uzizire bwanji, resistance yake sifika ziro. Ndiye mukapota mawaya awiri n'kuthira solder, karenti iyenera kutuluka m'timaulusi, kudutsa mu mkuwa, mu solder, mu mkuwa wina, n'kulowanso. Mwaluza kale.

Choncho mkuwa uyenera kuchoka pansongapo. Njira imodzi ndi kuviika nsonga mu asidi wa nitric. Amadya mkuwa, madzi amasanduka obiriwira, utsi wofiirira woopsa umatuluka, ndiye izi zimachitikira m'kabati yokoka mpweya. Chotsala ndi kangaiwale ka timaulusi, ngati ndevu za chimanga. Mumatenga ndevu za waya uyu ndi za waya uyo, kuzilowetsana, kuziika m'kapaipi kachitsulo, n'kufinya ndi makina amphamvu mpaka zitagwirana ngati chitsulo chimodzi.

Vuto lachiwiri ndi mpweya. Niobium ikangoonana ndi okosijeni imavala kadzimbiri kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kadzimbiri kameneko n'kokwanira kuwononga jointi. Ndiye pali njira ina imene ine ndimaikonda, yoti timaulusi tisaonane ndi mpweya n'komwe. Mumaviika nsonga, mkuwa uli pomwepo, mu tini wosungunuka. Tini amasungunula mkuwa pang'onopang'ono n'kulowa m'malo mwake. Mukatero mumasamutsira nsongayo mu mtovu wosakaniza ndi bismuth, wosungunukanso, umene umalowa m'malo mwa tini. Mtovu ndi bismuth zikasakanizana, pa kuzizira kwa heliyamu nazonso zimakhala zopanda resistance. Nsonga ziwirizo mumaziika m'kakapu kamodzi, chitsulo chimauma, jointi yatha.

Mwale wa ku Kitwe: Ndiye kuti ndi solder ndithu. Madala sanalakwe kwenikweni.

Kondwani: Ndi solder, inde, koma wa mtundu wake. Ndipo ali ndi chilema. Maginito akamukulira kupitirira tesla imodzi ndi theka kapena pamenepo, amasiya kugwira ntchito, pomwe waya weniweniyo amapirira kuposa apo kwambiri. N'chifukwa chake majointi sitiwasiya pakati pa koyilo. Timakoka nsonga kupita nazo kunja, pamalo pomwe maginito ndi ofooka, n'kuzimangirira pamenepo kuti zisagwedezeke. Komanso malamulo a ku Ulaya sakonda mtovu m'zipangizo zamagetsi. Opanga MRI anapatsidwa chilolezo chapadera, koma anthu ali kalikiliki kufufuza cholowa m'malo mwake.

Bambo Phiri, Ndirande: Ine ndikanakhala kumeneko bwenzi nditaipeza kale kkkk

Chisomo: Achimwene, funso. Ngati mita singawerenge maziro onsewo, mumadziwa bwanji kuti jointi yakhoza?

Kondwani: Sitiyeza resistance mwachindunji, timayeza nthawi. Timapanga kamphete kakang'ono ka waya kokhala ndi jointi imodzi, kukaziziritsa, kuyambitsamo karenti pogwiritsa ntchito koyilo ina ili pambali, kenako n'kuika kachipangizo koyeza maginito pakati. Basi, kudikira. Kamphete kakang'ono kamataya karenti msanga kuposa koyilo yaikulu, ndiye ngati jointi ili ndi vuto mzere wa pa sikirini umayamba kupendekeka. Ukakhala wowongoka maola ambiri, timawerengera kuti resistance singapose mwakuti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ntchito yake ndi imeneyo.

Ndikuuzeni za manyazi anga. Chaka changa choyamba, pophunzira njira ya asidi ija, ndinasenda nsonga zinayi bwinobwino, ndevu zoyera mbee. Foni inalira, kunyumba, nkhani ya fizi ya mlongo wanga. Ndinatuluka panja, ndinakhalako mwina theka la ola. Pobwera ndinangopitiriza, kufinya, zonse zooneka bwino. Ndinafika pozijambula pa foni chifukwa cha kukongola. Titaziziritsa mawa lake, mzere uja unatsetsereka ngati msewu wotsika ku Chikwawa. Mzungu wachikulire amene amandiphunzitsa sanakalipe. Anangodula jointi ija pakati ndi kasowo, kuipukuta, kuiika pa maikulosikopu, n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Pakati pa ulusi ndi ulusi panali kamzere kakuda kowonda. Anandifunsa kuti ndinazisiya pa mpweya nthawi yaitali bwanji. Mpaka lero foni ndimaisiya mu loka.

Mai Nyirenda, Joni: Bola zinali zoyeserera. Ikanakhala m'makina enieni?

Kondwani: Akanataya masabata. Kutenthetsa chinthu chonse kuti chifike poti munthu n'kuchigwira, kudula chitini chowotcherera, kukonza, kutsekanso, kuziziritsanso. Ndipo jointi yoipa simangodya karenti, imatenthanso. Chisomo, maampu 500 kudutsa mu 0.000001 ohm ndi mawati angati?

Chisomo: 0.25. Kotala chabe. Ngakhale tochi imaposa.

Kondwani: Panja si kanthu. Koma wati imodzi imaphwetsa pafupifupi malita 1.4 a heliyamu wamadzi pa ola. Kotala yakoyo ndi malita 8 pa tsiku. Ndipo kambalame ka Mai Nyirenda kaja, kompuresa yake imadya makilowati 7 kapena pamenepo kuti ichotse wati imodzi yokha, mwina imodzi ndi theka, pa kuzizira kumeneko. Ndiye kotala wadya kale gawo lalikulu la mphamvu ya firiji yonse.

Admin Gift: Abale, amene mwaponya za malonda a masola uja ndachotsa. Lachisanu ndiye tsiku la malonda. Pitirizani a Kondwani.

Tadala: Nanga magetsi akathima kwa maola ambiri ngati kwathu kuno, chimachitika n'chiyani?

Mai Nyirenda, Joni: Kuno nakonso tinavutika nazo zaka zapitazi. Maginito sazima, koma firiji imaima ngati jenereta sinadzuke, kapena ngati makina oziziritsa madzi a kompuresa afa. Ikaima, heliyamu amayamba kuphwa pang'onopang'ono. Makina akale a 1.5 tesla amasunga malita 1,500 kapena kuposa, ndiye tsiku limodzi silipha. Koma akatsika mpaka koyilo kuyamba kufunda, pamabwera chimene timati quench. Kamalo kamodzi kakabwerera kukhala ndi resistance, kamatentha, kamatenthetsa koyandikana nako, basi moto wa kuthengo. Pa masekondi ochepa karenti yonse yasanduka kutentha, heliyamu wawira.

Ndinaonapo kamodzi, pa chipatala china chimene ndinkagwirako kale. Phokoso ngati ndege ikunyamuka padenga. Titathamangira panja, paipi ya padenga ikutulutsa mtambo woyera, ndipo paipiyo itachita chisanu mbuu, dzuwa likuswa mtengo. Lita imodzi ya heliyamu wamadzi imasanduka malita oposa 700 a mpweya. N'chifukwa chake pali paipi imeneyo. Ikatsekeka kapena kuphulika, mpweyawo umadzaza m'chipinda, umathamangitsa okosijeni, ndipo chitseko chotsegukira m'kati chimakanika kutseguka.

Mwale wa ku Kitwe: Mphamvu yake ndi yochuluka bwanji kuti ichite zonsezo?

Kondwani: Mudabwa. Mu makina a 1.5 tesla muli mamegajoule ochepa chabe. Yuniti imodzi ya magetsi imene mumagula pa foni ija ndi mamegajoule 3.6. Ndiye ndi pafupifupi yuniti imodzi. Kungoti yuniti imeneyo mbaula imaidya pa ola, pomwe apa imatuluka nthawi imodzi, m'madzi amene sachedwa kuwira. Timaikamo ma diode ndi mahita ena oti quench ikayamba afalitse kutentha m'makoyilo onse, kuti malo amodzi asapse okha.

Bambo Phiri, Ndirande: Ndiye mtsikana uja ndikamupepese. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa pa nkhani ya makiyi.

Mai Nyirenda, Joni: Mukamupepese ndithu bambo. Makiyi ndi nkhani yaing'ono. Mu 2001 ku New York mwana wa zaka 6 ali m'makina, silinda ya okosijeni yachitsulo inalowetsedwa m'chipindamo n'kuuluka kukamumenya m'mutu, ndipo anamwalira patapita masiku awiri. Tesla imodzi ndi theka ndi mphamvu yoposa ya maginito a dziko lapansi ka 30,000. Pakhoma pali batani lofiira lochititsa quench dala, koma limenelo timadina pokhapokha munthu wapanikizidwa ndi chitsulo. Wilitcheya ikakakamira yokha popanda munthu, timaitana mainjiniya adzatsitse karenti mwadongosolo.

Tadala: Ine chimene ndimakumbukira ndi makina a ku Queens. Mwana wa achemwali anga anajambulidwa kumeneko atakomoka ndi malungo, ali ndi zaka 4. Pano ali Fomu 3. Nawonso aja ndi a heliyamu?

Kondwani: Amene anafika ku Queen Elizabeth mu 2008 aja ayi. Anali a kampani ya GE, a 0.35 tesla, maginito ake achitsulo okhalitsa, ngati a mu sipika koma olemera matani. Opanda heliyamu, opanda jointi ngati zangazi. Anabwera kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo wa Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Ndipo musawaderere chifukwa cha kuchepa mphamvu. Ndi makina amenewo anapeza, mu zotsatira zimene zinatuluka mu 2015, kuti chimene chimapha ana ambiri a malungo amenewa ndi kutupa kwa ubongo. Mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali wotupa kwambiri.

Chisomo: Ndiye bwanji tonse osangogwiritsa ntchito amenewo, tisiyane ndi za heliyamu?

Mai Nyirenda, Joni: Chifukwa mphamvu ikachepa, hydrogen uja amalira motsitsa. Chithunzi chimatenga nthawi, ndipo tinthu ting'onoting'ono sitioneka bwino. Kutupa kwa ubongo wonse kumaoneka, koma kachotupa konga njere ya mapira n'kovuta. Ine ndikuti zonse zili ndi malo ake. Pali kena kakang'ono ka Hyperfine, ka 0.064 tesla, kokankha pa matayala n'kulumikiza pa soketi wamba, ndipo ku Blantyre anakayesapo. Kwa mwana amene sangasunthidwe pabedi, chithunzi chosawala bwino chimaposa kusowa chithunzi.

Kondwani: Apo ndikugwirizana nanu theka, mayi. Mantha anga ndi oti tizolowere kulandira zazing'ono zokhazokha n'kumati ndi zotiyenera. Opanga makina aakulu nawonso asintha. Philips inatulutsa mu 2018 maginito a 1.5 tesla okhala ndi malita 7 okha a heliyamu, otsekeredwa moti satuluka, osafuna paipi ya padenga. Siemens ili ndi a 0.55 tesla a heliyamu wosakwana lita imodzi. Vuto lake, popeza mulibe dziwe la heliyamu loti lipirire, firiji ikaima nthawi yaitali makinawo amayenera kutsitsa karenti, ndipo kudzukanso kumatenga nthawi. Kwathu funso loyamba likhalabe jenereta ndi dizilo.

Mwale wa ku Kitwe: Chimene chikundiwawa ine n'chakuti mkuwa mukuunyozawo mwina ndi wathu wa kuno ku Copperbelt.

Kondwani: Sindinaunyoze achimwene, ndati ndi mlonda. Ndipo pa kulemera, mu waya wa MRI mkuwa ndiye wochuluka kuposa niobium ndi titanium.

Bambo Phiri, Ndirande: Niobium ameneyu si uja amanena ku Mzimba?

Chisomo: Ndi yemweyo bambo, ku Kanyika. Globe Metals and Mining ndi imene ili ndi chilolezo. Titanium naye amachokera mu rutile, ngati wa ku Kasiya uja. Heliyamu anamupeza ku Rukwa ku Tanzania, analengeza mu 2016. Ndiye kuti mkuwa ku Zambia, niobium ndi titanium kwathu, heliyamu kwa aneba. MRI yonse ili pansi pa nthaka yathu!

Kondwani: Pang'onopang'ono Chisomo. Niobium wambiri wa padziko lapansi amachokera ku Brazil, makamaka ku Araxá, ndipo wochuluka amathera mu zitsulo zomangira ndi mapaipi, wa mawaya athu ndi kachigawo kochepa. Komanso kuchoka pa mwala kufika pa waya pali ulendo. Amayenga, amasungunula ndi titanium, ndodo zake amazilowetsa m'mabowo a chigubu cha mkuwa chonenepa ngati ndowa, kenako kuchikankha ndi kuchikoka mobwerezabwereza, n'kumachitenthetsa pakatipakati, mpaka chitasanduka waya wa makilomita, timaulusi tija osaduka. Mafakitale ochita zimenezi padziko lonse ndi owerengeka. Mwala tikhoza kukumba, koma ndalama zili pa kukokako.

Chisomo: Nanga ma superconductor otentherapo aja, mawaya opanda resistance osafuna kuzizira kwa heliyamu? Tinamva kuti a 1987 aja amagwira ntchito mu nitrogen wamadzi, amene ndi wotchipa.

Kondwani: Funso labwino, ndipo yankho lake likutibwezera pa benchi yanga. Mmodzi wa iwo, wotchedwa YBCO, amagwira mpaka cha ku 92 kelvin, nitrogen wamadzi ali pa 77, zoona. Palinso magnesium diboride amene gulu la Jun Akimitsu ku Japan linapeza mu 2001, wa 39 kelvin. Koma onsewa ndi ngati mbiya, osati ngati chitsulo. Niobium ndi titanium ukhoza kupinda, kupota, kufinya. Awa ukafinya amasweka. Kuti ulumikize magnesium diboride umaika nsonga ziwiri mu ufa wa magnesium ndi boron, kutsendera, n'kuwotcha pa madigiri 650 kapena kuposa kuti pakatipo pamere chinthu chatsopano cholumikiza. Zimatheka, anthu aonetsa majointi abwino, koma kuti zitheke ka 100 motsatizana mu fakitale ndi nkhani ina. Ku Genoa ku Italy anapanga makina otseguka a 0.5 tesla a waya ameneyu, ozizira pa 20 kelvin popanda dziwe la heliyamu. Koma makina ambiri amene mungawapeze m'zipatala lero akadali a niobium ndi titanium, waya wa m'zaka za m'ma 1960. Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu n'chakuti ndi amene timadziwa kumulumikiza.

Bambo Phiri, Ndirande: Ndiye palibe amene anangoti zanditopetsa, ndisiya pulagi ili pakhoma?

Kondwani: Alipo bambo, ndipo ndi akuluakulu enieni. Ku Saclay ku France kuli makina otchedwa Iseult, a 11.7 tesla, olemera matani 132, amene anaonetsa zithunzi zoyamba za ubongo wa anthu mu 2024. Amenewo mphete yake sinatsekedwe. Maampu pafupifupi 1,500 amachokera panja usana ndi usiku, kudzera m'zipangizo zosamala kuti karenti isagwedezeke. Koma amenewo ali ndi nyumba yawoyawo, fakitale yawo ya heliyamu, ndi mainjiniya owadikirira. Chipatala cha boma sichingakwanitse zimenezo. Jointi yabwino ndi imene imalola kuti injiniya ayatse, alongedze zida zake, akwere ndege, makina n'kutsala ndi Mai Nyirenda.

Mai Nyirenda, Joni: Ndi kambalame kanga.

Bambo Phiri, Ndirande: A Kondwani, mukamabwera pa Disembala mundibweretsereko kachidutswa ka waya ameneyo, ngakhale kotaya. Ndikufuna ndikasende ndekha ndione ndevuzo.

Kondwani: Ndipempha kwa abwana, zodulidwa zimakhalapo zambiri. Koma asidi uja musayerekeze kumugwiritsa ntchito m'shopu mwanu muja, mulibe mawindo. Ndibwera ndi kosenda kale, ndi kena kodula pakati kopukuta bwino, mudzaone ndi galasi.

Mwale wa ku Kitwe: Awiri. Kena kanga, ndidzatengera ku Chipata.

Bambo Phiri, Ndirande: Kwabwera kasitomala ndi mota ya pampu, yapsa pa jointi. Si yanga, musayambe. Tionana madzulo.